Kafulumira Akana Supuni

Lolemba, 3 Juni

Atigoneka. Wodi ya ana, bedi la pakona, pafupi ndi sinki yodontha. Nesi wati ndizilemba zonse zimene mwana wadya ndi zimene wasanza. Zimene wadya lero sizikudzaza ndi mzere umodzi womwe, ndiye malo otsalawo ndizilembamo zanga, ndingapenge ndi kuyang'ana denga.

Mwana wanga timamutchula Kafulumira. Dzinali anamupatsa ndi manesi a kuchipinda cha ana obadwa masiku asanakwane, chifukwa anatulukira kutatsala miyezi iwiri ndi theka, akulemera makilo 1.2, wokwana m'manja mwanga muwirimu. Tsopano watha miyezi isanu ndi inayi chibadwire. Sikelo ya lero yati 5.4. Magazi ndi ochepa, ali pa 8. Thupi latentha, m'chifuwa mukulira. Bere amayamwa pang'ono n'kulitaya. Supuni ndiye asaione n'komwe: amapinda msana chagada n'kulira mpaka mawu kuuma.

Amuika kapaipi m'mphuno kokafika m'mimba. Wogwira miyendo ndinali ine. Sindinalire.

Lachiwiri, 4 Juni

Mkaka mamililita 100 maola atatu alionse, kudzera m'kapaipi. Ndi wanga wofinya, amathiramo ufa wowonjezera mphamvu. Jakisoni wa chifuwa kawiri pa tsiku. Madontho owonjezera magazi ayamba thupi likazizira.

Ine ntchito yanga ndi yoluka tsitsi mu saluni, choncho anthu ndimawadziwira kumutu. Mayina a pano sindinawagwire. Pali Dokotala Wadazi, amene mutu wake ukuwala kuposa babu la m'wodi muno. Pali Nesi wa Wigi, munthu wamtima wabwino, koma amene anamugulitsa wigi imeneyo Mulungu amukhululukire.

Dokotala Wadazi wafunsa kuti vutoli linayamba liti. Ndamufotokozera. Miyezi itatu yapitayo ndinabwerera ku saluni, mwana n'kumamusiya ndi apongozi, mayi awo a bambo ake. Iwo anawerenga pa kalendala n'kupeza kuti miyezi isanu ndi umodzi yakwana, nthawi yoyamba phala. Anaphika lamadzimadzi, anamugoneka chagada pamiyendo, n'kumamuthira m'kamwa ndi supuni. Anatsamwa. Milomo inada. Anathamangira naye kuchipatala ndi mwini nyumba, ine ndili ndi mutu wa kasitomala m'manja. Anapulumuka, koma chiyambire tsiku limenelo pakamwa anatseka. Kusikelo mwezi uliwonse ankati sakukwera, mumudyetse. Ndinkayesa m'mawa, masana ndi madzulo. Mapeto ake anayamba kuopa ndi bere lomwe.

"Mwana ngati uyu ali ndi misinkhu iwiri, mayi," anatero dokotala. "Pali wa pa kalendala, pali wa thupi lake. Pa nkhani ya chakudya timachotsera miyezi imene anafulumira ija. Tsiku la phalalo thupi lake linali la mwana wa miyezi itatu ndi theka. Khosi linali lisanalimbe, lilime lisanadziwe kutumiza chakudya kumbuyo. Palibe anakuuzani?"

"Anandiuza, a dokotala. Inenso ndinawauza apongozi."

"Ndiye anati chiyani?"

"Anati mwana sabadwa kawiri."

Anangokanda dazi lake n'kupita pa bedi lina.

Lachitatu, 5 Juni

Kutentha kwatsika pang'ono. Wasanza kamodzi, masana.

Bedi loyandikana nafe pali mayi wina amene ndamutcha Wailesi, chifukwa amatsegula m'mawa n'kudzatseka magetsi akazima. Amagulitsa nsapato pamsika. Mwana wake wa zaka zitatu anathyoka ntchafu, mwendo anaumangirira chingwe ndi chitsulo cholendewera kumapazi kwa bedi. Kamtsikanako sikangadzuke, koma pakamwa sikapuma. Amake omwe amakatchula Chigayo. Lero kadya buledi, nthochi ziwiri, mpunga wa amake, kenako n'kumayang'ana mkaka wa mwana wanga mu sirinji.

Nthawi ya ozonda odwala m'wodi mumadzaza makontena ndi mafulasiki. Fungo la nkhuku yokazinga mbwee. Kwa a Wailesi kunabwera anthu asanu, ena kukhala pansi. Kwathu kuno zii. Bambo ake a Kafulumira amayendetsa lole ya maulendo ataliatali, aimba foni ali pa mzere wa malole kudikira katundu. Akuti, "Limbani mtima, amake mwana, ndikatsitsa ndibwera." Achemwali anga ali kutali, amatumiza tizithunzi ta manja opemphera. Apongozi sitilankhulana. Tsiku la phala lija ndinawayankhula mawu oti sindingawalembe muno, iwo analongedza chikwama n'kupita kwa mwana wawo wamkazi.

Chakudya cha chipatala ndimakadyera pa masitepe a kuseri, choimirira, mwana akagona. Sindifuna anthu azindimvera chisoni ndili ndi mbale m'manja.

Lachinayi, 6 Juni

Kwabwera mayi wophunzitsa ana kudya. M'thumba la yunifolomu yake mwadzaza timasupuni tofewa tamitundumitundu, ndiye ndi Mayi wa Masupuni basi. Tsitsi lake ndi lachibadwa, lalifupi, la imvi, losamalidwa bwino. Ndamukhulupirira nthawi yomweyo.

Anamukhazika Kafulumira pamiyendo pake n'kumuyesa. Khosi lalimba, mutu sukugwa. Akukhala akamuchirikiza m'mbali. Zinthu akumazigwira n'kupita nazo kukamwa. "Thupi lakonzeka," anatero. "Msinkhu wake weniweni ndi miyezi isanu ndi umodzi ndi theka, nthawi yabwino yoyamba. Mkaka wokha sukumukwaniranso, n'chifukwa chake magazi achepa. Chatsala ndi mantha. Tandionetsani mmene mumamudyetsera kunyumba."

Ndinamuonetsa. Dzanja limodzi la mwana kuseri kwa msana wanga, lina ndaligwira, supuni kudikira kuti akalira ndilowetse. Sindinafike n'komwe pakamwa, mwana anali atapindika kale.

"Basi, basi. Ikani pansi," anatero mayiyo. Sanandikalipire. Bola akanandikalipira. "Kuyambira lero supuni isafike pakamwa pake. Mumupatse ngati chidole, aziseweretsa, azitaya. Musanamupatse mkaka wa m'paipi muzimusisita masaya ndi milomo ndi chala choyera. Akatembenuza nkhope, siyani. Aphunzire kuti akakana, anthu amamva."

Ndinafuna kumuuza kuti ine sindinkamuzunza mwana wanga, ndinkamupulumutsa. Ndinangoika supuni pansi.

Lachisanu, 7 Juni

Thupi latenthanso. Asintha jakisoni. Kasingano ka pamkono kanatuluka, amubaya katatu kufuna mtsempha, aupeza kuphazi.

Loweruka, 8 Juni

Tsiku lonse ali pachifuwa panga, ngati kale lija ali kakang'ono. Sindinadye. Sindinalankhule ndi munthu kupatula kuyankha manesi.

Lamulungu, 9 Juni

Wazizira thupi. Wamwetulira Nesi wa Wigi.

Kunabwera anthu opempherera odwala, ankayenda bedi ndi bedi. Atafika pathu anafunsa kuti, "Abale ali kuti, tipemphere limodzi?" Ndinati atuluka pang'ono. Anapemphera msangamsanga n'kupitirira. Ndinadzida chifukwa cha bodza lopanda ntchitolo.

A Wailesi ananditumizira mbale ya mpunga ndi nyemba kudzera mwa mlamu wawo. Ndinathokoza n'kunena kuti ndakhuta. Njala inali itandigwira mpaka kumaso.

Lolemba, 10 Juni

Sikelo: 5.5. Ayamba madontho a magazi, kamodzi pa tsiku. Amadetsa mano, akuti, koma mwini wake mano alibe.

Dokotala Wadazi anakoka mpando n'kukhala, ndipo dokotala akakhala pansi ndiye kuti nkhani si yabwino. Wati chifuwa chikupola, koma kapaipi ka m'mphuno sikangakhale mpaka kalekale. Kamatupitsa m'mphuno, mwana amakazula, ndipo kubwezeretsa kulikonse kumamuwonjezera mantha a pakamwa. "Tikupatsani masabata awiri muli ndi mayi wophunzitsa kudya uja. Sindikufuna kuti amalize mbale ayi. Ndikungofuna ndione kuti wayamba kulola chakudya m'kamwa mwa kufuna kwake. Zikakanika, Lachiwiri pa 25 ndidzaitana madokotala a opaleshoni tikambirane zoboola pamimba n'kuikapo paipi yokhalitsa."

Ndinafunsa kuti yokhalitsa mpaka liti. Anati ana ena miyezi, ena zaka.

Ndinamuvula malaya Kafulumira n'kumayang'ana kamimba kake. Mwana ameneyu anamubaya kale paliponse, m'manja, m'mapazi, ngakhale m'mutu. Pamimba pokha ndi pamene panatsala posalala. Ndikuopa kwambiri.

Bambo ake foni sikulowa.

Lachitatu, 12 Juni

Mayi wa Masupuni wabweretsa kampando ka ana kokhala ndi kathebulo kake kutsogolo. Timamukhazika chilili, matawulo m'mbali kuti asapendekeke. Malamulo ake ndawalemba: kawiri pa tsiku, mkaka wa m'paipi usanakwane nthawi, ali maso bwinobwino koma njala isanamukwiyitse. Chakudya chosalala koma cholimbirako, choti chikhale pa supuni, osati chamadzimadzi chothamangira kukhosi. Nthochi yopota, peyala, mbatata, kenako phala lothira dzira kapena nyemba zosefa chifukwa cha magazi aja. Mchere ayi, shuga ayi, uchi ayi. Chinthu chatsopano chimodzi, tidikire masiku angapo tione ngati sichikumutulutsa ziwengo. Kumudyetsa atagona chagada, ngakhale tsiku limodzi, ayi.

Wandiphunzitsanso kusiyanitsa zinthu ziwiri. Mwana akamakhosomola, nkhope itafiira, akuchita phokoso ngati asanza, ndiye kuti thupi likudziteteza lokha, ndimusiye amalize. Akakhala chete, osatulutsa mawu, milomo n'kuyamba kuda, kumeneko ndiye kutsamwa: kumuzondotsa pa mkono, kumumenya kumsana, kukuwa. Tayeserera pa chidole mpaka mkono kuwawa.

Lero tinangopaka nthochi pa kathebulo. Anaiyang'ana ngati ili ndi ngongole yake. Sanaikhudze.

Lachisanu, 14 Juni

Wakhudza ndi chala chimodzi. Nthochi inamatirira, iye anachita tsinya, ine ndinamupukuta.

"Nsalu imeneyo ndipatseni," anatero Mayi wa Masupuni.

"Wada m'manja."

"Ade. Adziwa bwanji nthochi ngati mukumulanda isanafike pamphuno? Manja anuwa sakhala pansi, mayi. Mwamukonza kolala, mwamuwongola mutu, mwasuntha mbale, mwapukuta. Ndiponso nkhope yanu mumaiona? Akangoyandikira chakudya mumasiya kupuma. Iyeyu sayang'ana nthochi, amayang'ana inu. Akuona kuti amayi akuopa, ndiye kuti chinthuchi n'choopsa."

Ndinamuyankha kuti akanakhala iye, ataona mwana wake milomo itada, bwenzi nkhope yake ikuseka? "Bwenzi ili ngati yanuyo," anatero. "Koma wodyetsa ndinu. Kodi anakuonanipo mukudya?"

Ndinaganiza. Kunyumba ndinkamusunga kuchipinda kuopa chimfine cha alendo, ine ndinkadya akagona. Kuno ndimadyera pa masitepe. Mwana wanga sanaonepo amake akutafuna.

Loweruka, 15 Juni

Wazula kapaipi. Kubwezeretsa kwake ndinatuluka panja, ndinasiya agwire miyendo ndi Nesi wa Wigi. Kulira kwake kunanditsatira mpaka kukhonde.

Lamulungu, 16 Juni

Bambo ake aimba. Lole yawonongeka, akudikira chitsulo. Ndawauza za opaleshoni. Anati, "Amayi akufunsa za mwana tsiku lililonse. Akuopa kubwera." Ndinati geti la chipatala sililuma. Anati, "Si geti akuopa." Foni inaduka, kapena anadula, kaya.

Ndinakhala ndi mkwiyo wanga wonse wopanda woupatsa. Mkwiyo umafunanso anthu.

Lachiwiri, 18 Juni

Sikelo: 5.7. Mkaka akweza kufika 110. Kukwera konseku ndi kwa paipi, si kwa pakamwa.

Ndayesa kudya pamaso pake monga anandiuzira. Ndinatafuna ngati ndili pa mayeso, maso ali pa iye. Anandiyang'ana, anayang'ana kumbali, n'kuyamba kulira. Peyala anaikankhira pansi.

Madzulo a Wailesi anabwera kudzaima pa bedi lathu, manja m'chiuno.

"Asisi, kodi tinakulakwirani chiyani ife? Mpunga wanga munaubweza. Moni mumayankha ngati tikukulipiritsani. Mumadyera pa masitepe ngati munaba."

Ndinati palibe, ndi maganizo chabe.

"Maganizo tonse tili nawo, nanga ine ndinabwera ku holide? Mwezi ndi theka ndikugona pansi pa bedi. Komanso ndakuonani, mumangondiyang'ana kumutu. Nenani, muli chiyani m'mutu mwangamu?"

Ndinalephera kudzigwira. "Meshi imeneyo inatha kalekale, mayi. Kutsogoloku ikudula tsitsi. Mukachedwa mufanana ndi a dokotala."

Anaseka mpaka kugwira chitsulo cha bedi. "Inu mumayang'ana kumutu, ine kumapazi. Masilipasi anuwo asandiyankhulitse. Ndiye ndinu oluka? Loweruka tikutuluka ife, chingwe amasula mawa. Sindingapite kwa amuna anga ndi chisa cha mbalamechi. Mundiluke."

Ndavomera. Kunena zoona zala zakhala zikundiyabwa.

Lachinayi, 20 Juni

Ndilembe bwinobwino, ndingadzaiwale.

Masana tinamasula meshi ija, tsitsi tinalitsuka pa sinki yodonthayo. Nthawi ya kampando itakwana ndinati tidikire kaye ndimuyese mwana. A Wailesi anakana. "Mukhazikeni apa, pafupi ndi Chigayo, aone mmene anzake amagwirira ntchito. Ine ndikhala moyang'anana naye, maso anga akhala pa iye. A nesi ali apo. Inu zanu ndi tsitsi."

Ndinamukhazika, ndinapaka peyala pa kathebulo. Chigayo anali ndi yake m'mbale, akudya ndi manja onse awiri mpaka m'makutu. A Wailesi anakhala pa mpando, ine ndinaima kumbuyo kwawo, chammbali, koti mwana sakundiona nkhope bwino. Ndinagawa mizere ndi chipeso n'kuyamba. Woluka aliyense amadziwa kuti mzere ukauyamba suusiya pakati, ukangotaya umamasuka wonse. Zala zanga zonse zinali zogwidwa.

A Wailesi anayamba kuulutsa ngati mpira, koma motsitsa mawu.

"Musadzutse mutu, asisi. Akumuyang'ana Chigayo. Akuyang'anabe. Dovu likutuluka. Eee, waika dzanja lonse. Wafinya. Wapaka patsaya. Wapaka pa paipi."

"Ndimupukute."

"Mukasiya tsitsi langa ndikukuwirani wodi yonse imve. Lukani. Akununkhiza chala. Akuganiza. Bwana akuganiza. Walowetsa."

Kenako ndinamva kukhosomola, ndi kaphokoso kaja kofuna kusanza. Ndinadzutsa maso: nkhope yofiira, misozi m'maso, lilime panja. A Wailesi anandigwira pamkono osatembenuka. "Akuchita phokoso ameneyo. Si mmene anakuuzirani? Musiyeni." Nesi wa Wigi anali atafika kale pafupi, nayenso sanamugwire. Ndinaima ndi tsitsi la mwini m'manja, ndikuwerenga mpweya wa mwana wanga. Analavula kachidutswa, anapuma, anayang'ana Chigayo. Chigayo anamuuza kuti, "Idya, iwe." N'kubwezanso chala m'kamwa.

Ananyambita kanayi kapena kasanu. Mzere umene ndinkaluka nthawi imeneyo ndi wothina kwambiri, a Wailesi akuti ukuwakoka mpaka m'maso, koma akana kuti ndiumasule.

Wadya: peyala, mwina theka la kasupuni. Sanasanze. Ine ndadya mpunga wa a Wailesi, nditakhala pansi.

Lachisanu, 21 Juni

Mayi wa Masupuni anasangalala, anati tibwereze iye akuona. Ndinakhala kutsogolo kwa mwana, manja ndinawakhalira. Peyala yomweyo, kampando komweko. Anandiyang'ana m'maso n'kubisa manja ake pansi pa kathebulo. Nditachoka kupita ku sinki, anakhudza. Nditabwerera, anasiya.

Tonse tinaona. Mwana amene ndinamufungatira pachifuwa miyezi iwiri yathunthu kuti asazizidwe amadya ndikachokapo. Zandipweteka kuposa mawu onse amene ndinamvapo.

Mayiyo wati dokotala sangakhutire ndi za tsiku limodzi. Ndiponso kunyumba kulibe Chigayo, kulibe a Wailesi. Kuli ine.

Loweruka, 22 Juni

Atuluka. Amuna awo a Wailesi anaima pakhomo n'kufunsa kuti, "Akazi anga ali kuti, nanga uyu ndi mtsikana wa ndani?" Wodi yonse inaseka. Bambowo ananyamula Chigayo pamsana, iye akutafuna. A Wailesi anandisiyira mapeyala atatu ndi fulasiki, akuti ndidzabweze ndikadzabwera kudzagula nsapato zooneka. Anandikumbatira mwamphamvu. "Muzipuma, asisi," anatero.

Bedi lawo alipukuta ndi mankhwala, matiresi aimika. M'wodi mwachita zii ngati magetsi azima.

Kampando kawiri. Sanakhudze.

Lamulungu, 23 Juni

Sanakhudze. Foni sinalire. Sinki ikudontha.

Lolemba, 24 Juni

M'mawa sanakhudzenso. Ndinaona Nesi wa Wigi akukonza fayilo yathu n'kuiika pamwamba pa zinzake, za mawa.

Masana ndinamukhazika pa kampando, ndinapota peyala, ndinakhala kutsogolo kwake. Ndinadziwa kuti ndikangokhala chabe, manja ayamba zawo zija, nkhope nayo iyamba zake. Mutu woti ndiluke panalibe. Bedi la a Wailesi lilibe munthu, ndipo amayi enawo sindinawazolowere. Ndiye ndinavula mpango wanga. Chigonekedwere sindinapese. Woluka tsitsi, koma m'mutu ngati udzu wa kuseri kwa bafa.

Ndinapesa, ndikudziwawa ndekha, nkhope ikukwinyika. Kafulumira anaseka. Sanandionepo chonchi. Ndinagawa mzere mopapasa, popanda galasi, ndinakweza manja onse kumutu n'kuyamba kuluka. Kudziluka wekha kumafuna mutu wonse, ukaganiza zina chala chimasochera. Ndinkamuona, koma maganizo anali ku zala. Ndinazindikira kuti ndikuimba chamumtima kanyimbo kamene timaimba ku saluni makasitomala akachepa, ndipo ndikupuma.

Anaika dzanja m'peyala. Ndinapitiriza kuluka. Anafinya, inatuluka pakati pa zala. Ananyambita, anachita tsinya, ananyambitanso, akundiyang'ana m'maso. Anakhosomola kamodzi. Zala sizinasiye mzere. Anameza. Ndinaona pakhosi pake pakuyenda.

Kenako anatambasula dzanja lija, lobiriwira mpaka m'chigongono, kulozetsa kwa ine. Mwina ankafuna chipeso, mwina milomo yanga yoimbayo, sindidziwa. Manja anga anali kumutu, sindikanatha kumugwira kapena kumupukuta. Ndinawerama n'kuyasama. Anandilowetsa zala zonse m'kamwa. Peyala yopanda mchere, yosakanikirana ndi dovu lake. Ndinatafuna mokokomeza, ndinameza. Anayang'anitsitsa pakamwa panga, anabweza dzanja m'mbale, n'kupita nalo kukamwa kwake.

Tinapitiriza choncho, iye kamodzi, ine kamodzi, mpaka anatopa n'kutembenuza nkhope. Ndinasiya pomwepo. Nesi wa Wigi anali ataima ndi sirinji ya mkaka, sindikudziwa kuti anafika nthawi yanji. Anaiika pansi n'kukatenga fayilo.

Misozi inabwera mwana atagona. Ndinaisiya itsike.

Lachiwiri, 25 Juni

Sikelo: 5.9. M'mawa wadya nthochi ndi dzanja lake, Dokotala Wadazi ndi Mayi wa Masupuni akuonerera patali, ine ndikumaliza mizere ya kumbuyo. Supuni waigwira yekha, wailuma kumchira, wataya.

Dokotala sanakoke mpando. Wanena choimirira kuti a opaleshoni adikire kaye. Kapaipi kakhalabe masabata ena, azichepetsa mkaka pang'onopang'ono kuti njala izimuthandiza. Sanalonjeze kalikonse. Wati sabata ino tiyese phala lolimbirako lothira dzira, nalonso aliyambe ndi dzanja.

Ndawatumizira bambo ake chithunzi cha mwana ali ndi nthochi mpaka m'nsidze. Ndalemba kuti awaonetsenso amayi awo.

Nthawi ya ozonda yakwana. Makontena alowa, mafulasiki alowa, wathu palibe. Ndinatenga mbale yanga ya chipatala, ndinakoka kampando, ndinakhala moyang'anana ndi mwana wanga. Tadya.